Koleji yathu itakwanitsa zaka zisanu, tinayamba tasaka ophunzira akale

Ndimaphunzitsa zosoka pa koleji ina yaing'ono ya ntchito zamanja kuno ku Kasungu. Kolejiyi itatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu, anzanga anandisankha kukhala mlembi wa komiti yokonza chikondwerero, mwina chifukwa ndine amene ndimasunga makope osawataya. Makoleji ang'onoang'ono ngati athuwa achuluka m'maboma muno, ena a mipingo, ena a anthu wamba, ena aboma, ndipo tsiku lina nanunso mudzakhala pansi n'kumafunsana kuti mwambo wotere tiuyambire pati. N'chifukwa chake ndati ndilembeko zathuzi.

Tinayambira m'shedi yakale yosankhiramo fodya. Eni esiteti atasiya ulimi, shediyo inangokhala mbuzi zikugonamo, mpaka amfumu ndi akuluakulu ena a m'deralo anakaipempha. Tinaigawa pakati ndi mphasa, uku akalipentala, uku ife osoka, ndipo omanga nyumba ankaphunzirira panja pansi pa mtengo. Utuchi unkadutsa pamwamba pa mphasa n'kudzalowa m'makina athu, moti Lachisanu lililonse inali ntchito yomasula, kupukuta ndi kuthira oyilo. Nsalu tikaisiya usiku, m'mawa inkanunkha bale. Ophunzira oyamba sankadzaza n'komwe mbali imodzi ya shediyo, ndipo makina amodzi ankasinthanapo anthu angapo.

Ngakhale zinali choncho, ana ankabwerabe, poti kwina kopita kunalibe. Mwana wa ku Chamama kapena ku Santhe akalemba MSCE n'kusapeza malo ku yunivesite, makoleji akuluakulu a ntchito zamanja amakhala kutali naye, ku Lilongwe, ku Namitete, ku Salima kapena ku Mzuzu, ndipo olimbirana malo amachuluka. Boma linayamba ndondomeko ya makoleji a m'madera mu 2015, mwambo wake unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, koma achinyamata ofuna luso ndi ambiribe kuposa malo amene alipo. Tinkalandira ana a matenanti, atsikana amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba, ndi anyamata ochokera cha ku Nkhamenya amene poyamba ankafunsa mafunso m'Chitumbuka ife n'kumayankha m'Chichewa.

Funso loyamba la kholo lililonse linali limodzi: “Kodi pepala lake ndi lovomerezeka?” Amene mukuganiza zotsegula koleji, funso limeneli mukhale ndi yankho lake musanalembe ngakhale mwana mmodzi. Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo kalembera wa koleji ngati yathu amachitika kumeneko. Akabwera kudzayendera amaona zida, mapepala a aphunzitsi, zipinda, madzi, ngakhale zimbudzi. Maphunziro apamwamba a madigiri ali ndi bungwe lawo la NCHE, choncho musalonjeze makolo pepala limene simunaloledwe kupereka, ngakhale akukakamizeni bwanji.

Ndalama ya kuno imayendera fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, fizi imayamba kulowa, ndipo soya ndi mtedza zikagulitsidwa ngongole zakale zimatha. Koma kuyambira Januwale mpaka Malichi kumakhala kouma, aphunzitsi timalandira malipiro modukizadukiza. Tinafika povomera kuti kholo libweretse thumba la chimanga kapena ngolo ya nkhuni m'malo mwa ndalama, poti zimenezo zinkafunikabe kukhitchini.

Tisanazike mizu kunabwera Covid. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo ophunzira ena sanabwererenso, ena anakwatiwa, ena analowera ku maganyu. Chinatisunga ndi kusoka mamasiki. Aphunzitsi tinkabwera mosinthana, kusoka, n'kukagulitsa m'magolosale ndi m'mipingo, ndalama yake n'kulipirira mlonda. Titangoyamba kupuma, tili ndi kosi yatsopano ya zowotcherera, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi ankabwera nthawi zosadziwika, nthawi zina pakati pa usiku, moti mphunzitsi wa zowotcherera ankagona pakoleji pompo ndi anyamata ake kuti akangoyaka adzuke n'kuyamba phunziro. Pofika chaka chachisanu tinali ndi midadada iwiri yomangidwa ndi ophunzira athu omwe, mjigo wathuwathu, ndi makosi asanu. Choti tisangalalire chinalipo ndithu.

Msonkhano woyamba wa komiti unali wokoma kwambiri. Aliyense ankangotchula: ng'ombe, matenti, nsalu yosindikizidwa dzina la koleji, gulu loimba lochokera ku Lilongwe, mlendo wolemekezeka wa maina akuluakulu. Ine n'kumalemba. Koma kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo imene tinafunsa sabata ino inkakhala itasintha sabata yamawa. Titawonkhetsa zonse, ndalama yake inaposa malipiro a aphunzitsi tonse a miyezi ingapo. M'chipindamo munati zii. Ndiye bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa ukalipentala, munthu wosakonda kuyankhula pamisonkhano, anakweza dzanja. “Pepani a tcheya, ine ndimangofuna kudziwa. Ana amene tawaphunzitsa zaka zonsezi ali kuti? Mlendo wolemekezekayo akatifunsa, tidzati chiyani?” Panalibe amene anali ndi yankho lokwanira. Aliyense ankadziwako awiri kapena atatu amene amakumana nawo kumsika, basi.

Ntchito yeniyeni ya komiti inayambira pamenepo, ndipo ndi imene ndikufuna muimve bwino. Kaundula wathu anali ndi dzina, kosi ndi nambala ya foni. Manambala ambiri anali atafa kale. Foni inabedwa, simu inasinthidwa, ina inali ya amalume amene anasamukira ku Mzimba. Amene tinawapeza msanga ndi okhawo amene pafomu yawo panalembedwa mudzi, gulupu ndi mpingo. Tinalemba makalata kwa magulupu, tinapempha kuti alengeze m'matchalitchi ndi m'mizikiti, tinaika uthenga pawailesi ya m'dera, ndipo tinatsegula gulu la pa WhatsApp kuti wopezeka aitane mnzake. Koma amene anatithandiza koposa ndi anyamata a kabaza. Mukangowafotokozera kuti mtsikana wamfupi wosoka, wochokera chakuti, amakuuzani khonde limene amakhala ndi nthawi imene amaweruka.

Mmodzi wa ophunzira akalewo ndinakamupeza ndekha tsiku la msika, pakhonde la golosale. Atandiona anaimirira, ulusi uli kukamwa.

“Madamu! Mwafika bwanji kuno?”

Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pathumba la kaunjika. Makina amene ankasokera sanali ake, anali a mwini golosaleyo, ndipo ankalipira mwezi ndi mwezi kaya wasoka kaya sanasoke. Lamba wake anali wolumikiza ndi waya. Pambali panali mulu wa mathalauza oti achepetse m'chiuno, masiketi oti aike zipi, ndi chikwama cha mwana wasukulu chong'ambika. Ndinamufunsa ngati zimene anaphunzira zikumuthandiza.

“Zikundithandiza, Madamu, sindigona ndi njala. Koma masuti aja tinavutika nawo teremu yonse sindinasokepo ngakhale imodzi. Kuno anthu amabwera ndi kaunjika kuti ndiwachepetsere. Ndalama yooneka ndimaipeza sukulu zikamatsegulidwa, pa mayunifolomu. Chimene chinandisautsa n'kutchula mtengo. Chaka choyamba ndinkangosokera anthu ulere osadziwa, poti ulusi, singano ndi lendi sindinkaziwerengera. Komanso makinawa akayamba kudumpha ulusi ndimadikira munthu wochokera ku boma kuti adzakonze, masiku n'kumapita.”

Ndinalemba zonsezo m'kope langa. Anzanga amene anapita mbali zina anabwera ndi nkhani zofananako. Owotcherera angapo anali m'tauni ya Kasungu, akupanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Kalipentala wina anali ku Mchesi ku Lilongwe, wina ku Chipata. Ena anali ku Joni akugwira ntchito zosagwirizana n'komwe ndi zimene anaphunzira, ndipo tinamvanso za amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel pamene achinyamata anayamba kupita kumeneko kumapeto kwa 2023. Omanga nyumba anadandaula kuti pa ntchito zaboma tsopano amafuna mabuloko a simenti, pamene iwo anazolowera njerwa zootcha. Koma gulu limene linatikhudza kwambiri ndi la amene anali pakhomo, akulima, satifiketi ili m'sutikesi. Luso anali nalo, chida analibe ngakhale chimodzi. Ambiri mwa iwowa anali atsikana a kosi yanga, poti kalipentala akhoza kuyamba ndi sowo ndi hamala yobwereka, koma wosoka wopanda makina alibe poyambira. Titawaitanira ku mwambo, ena anakana. “Ndikaonetsa chiyani, Madamu? Anzanga akabwera atatchena.” Amenewa tinachita kuwanyengerera, ena kuwatumizira ya thiransipoti pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chifukwa mwambo wodzaza ndi okhawo amene zinawayendera ukanatinamiza tokha.

Titabwerera ku bajeti, zambiri zinagwa zokha. Ng'ombe inasanduka mbuzi. Gulu loimba la ku Lilongwe linalowedwa m'malo ndi kwaya ya ophunzira ndi amayi a chimtali a m'midzi yozungulira. Matenti tinabwereka ochepa a alendo okha, kwinako akalipentala anamanga zisakasa. Nkhani ya nsalu ndi imene inavuta, poti kwathu kuno chikondwerero chopanda nsalu yake anthu amachiona ngati chosakwanira, ndipo amayi a m'komiti sanafune kumva zoisiya. Koma mafakitale osindikiza nsalu safuna oda yaing'ono, ndipo mukaitanitsa yambiri n'kusagulidwa mumatsala ndi mipukutu yolembedwa chaka chimene chadutsa. Tinagula nsalu yopanda maluwa, n'kudinda tokha chizindikiro cha koleji ndi penti wa nsalu, ndipo tinkadinda za okhawo amene alipiriratu. Sinali yokongola ngati ya kufakitale, ina penti anachita kufalikira, koma sitinatsale ndi ngongole ya nsalu. Ndalama imene inapulumuka tinagulira makina osokera angapo ndi mabokosi a zida, kuti tiziwabwereketsa kwa omaliza maphunziro, iwo n'kumabweza pang'onopang'ono m'magulu monga zimakhalira ku banki m'khonde, amfumu a kwawo atasainira ngati mboni.

Tsiku nalonso musalisankhe mwachisawawa. Nthawi ya dzinja anthu ali kumunda ndipo misewu ya kumidzi imavuta. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, komanso sukulu zimene mungabwerekeko mipando zimakhala pa mayeso. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu ambiri a Achewa amakhala atapita ku Kulamba, ku Mkaika m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi, ndiye mwambo wopanda mafumu pamalo amene anapereka okha suoneka bwino. Kuyambira Sepitembala Loweruka lililonse ndi ukwati kapena chiliza. Ife tinasankha Lachisanu kumayambiriro kwa Ogasiti, anthu akadali ndi kangachepe m'thumba, komanso akuluakulu a m'maofesi amabwera mosavuta pa tsiku la ntchito kusiyana ndi Loweruka. Apolisi tinawadziwitsa ndi kalata, ndipo mafuta a jenereta tinagula kukadali masiku, poti nthawi imeneyo ankati akapezeka lero mawa asowa.

Za Gule Wamkulu tinakambirana nthawi yaitali. Malo tinapatsidwa ndi mafumu, ndipo iwo ankayembekezera kuti gule atuluka. Koma makolo ena ndi aphunzitsi ena, malinga ndi mipingo yawo, sakanakhalapo. Gule saitanidwa ngati gulu la zisudzo, mumadzera kwa amfumu, iwo ndi amene amadziwa oyankhula nawo ndi zofunika kupereka. Tinagwirizana kuti avine kumapeto, anthu atadya, pabwalo la kunja kwa mpanda. Wofuna kuonera anapita, wosafuna anatsanzika mwaulemu, ndipo sitinamve dandaulo mbali zonse ziwiri.

Pa tsikulo, chimene chinatipulumutsa n'choti sitinamangirire pulogalamu yonse pa mlendo wolemekezeka. Anafika dzuwa lili paliwombo, monga zimakhalira, koma anthu sanaone kuchedwa kwake chifukwa chionetsero chinali chitayamba m'mawa. Wophunzira wakale aliyense tinamuuza kuti abwere ndi chimene amapanga, ndipo tinamupatsa tebulo. Panali mipando, mabedi, mbaula, geti lathunthu limene linabwera pangolo, madiresi, zikwama. Omanga anaimika kakhoma ka mabuloko anthu akuonerera. Mtsikana wa pakhonde uja anabwera ndi mayunifolomu a masaizi osiyanasiyana, ndipo pofika masana aphunzitsi aakulu a sukulu ina yapulaimale anali atalemba kale nambala yake. Makolo amene ankakayikira koleji ya m'shedi ankagwira mipando ija, kuikhalira, kuigwedeza, n'kumafunsa kuti anapanga ndi mwana wa yani.

Zoyankhula simungazithawe. Anyakwawa, a gulupu, a Gogo Chalo, a khansala, aliyense ali ndi malo ake ndipo kumudumpha ndi mlandu. Chimene mungachite n'kulemba mphindi zake m'kalata yomuitana, n'kupeza wotsogolera mwambo wodziwa kudula munthu moseka. Ife tinaika ophunzira akale kuti ayankhule akuluakulu asanayambe, anthu makutu akadali atsopano. Tinasankha wina amene zikumuyendera ndi wina amene ali pakhomo. Wachiwiriyu anayankhula mwachidule, mawu akunjenjemera, kuti anakhoza bwino koma chimalizireni sanagwireko makina. Pamene ankamupatsa makina obwereka aja, amayi a chimtali anaimba nthungululu osadikira kuuzidwa, ndipo ndinaona amalonda ena a m'tauni akunong'onezana.

Malonjezo anachuluka. Wina anati adzamanga hositelo ya atsikana, wina matumba a simenti, wina makompyuta. Zonse ndinalemba, maina ndi zimene anena, ndipo sabata yotsatira tinatumiza makalata othokoza otchula lonjezo lililonse. Zina zinabwera, zambiri mpaka lero tikudikira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, choncho musayambe kukumba maziko chifukwa cha mawu onenedwa pa chimkuzamawu. Zimene zinagwirika zinachokera kwa anthu amene sanayankhule n'komwe pagulu. Ophunzira akale amene ali ndi mashopu awo anavomera kumalandira ana athu pa atachimenti, kuti azikaphunzira ntchito akuigwira m'mashopumo, nkhani imene inkatisowetsa tulo chaka chilichonse, poti makampani kuno ndi ochepa. Kontilakita wina, amene anatikumbutsa yekha kuti olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a ntchito zamanja, anati bola aziona kumene luso likuchokera, ndipo anatenga omanga athu angapo. Mayi wina wogulitsa nsalu anayamba kutipatsa zidutswa zotsala kuti ana aziphunzirira.

Kukhitchini ndiko mwambo umakomera kapena kuwonongekera. Mukaitana anthu mazana awiri, phikirani ochuluka kuposa pamenepo, poti mudzi wonse umabwera, ndipo ana simungawathamangitse. Ife tinawaikira mphika wawo ndi mzere wawo, thobwa linali lokwanira aliyense, ndipo ovina ndi ophika tinawapatulira chakudya chawo alendo asanayambe kudya. Mukawaiwala amenewa, dzina la koleji lidzamveka m'midzi yonse koma osati mwaubwino.

Zimene tinamva kwa ophunzira akale zinalowa m'kalasi teremu yotsatira. Panopa wosoka aliyense amaphunzira kumasula makina ndi kuwabwezera, kuchepetsa ndi kukonza zovala za kaunjika, ndi kuwerengera mtengo kuyambira ulusi mpaka lendi. Masuti tikuphunzitsabe poti ali pa silabasi, koma sadyanso teremu yonse. Omanga anagulirwa chikombole cha mabuloko. Fomu yolembetsera ili ndi mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, mpingo kapena mzikiti, ndi manambala a abale awiri, ndipo mphunzitsi aliyense amaimbira omaliza a kosi yake kamodzi pachaka n'kulemba kumene ali. Pa makina obwereketsa aja, ambiri akubweza bwino. Makina amodzi anagulitsidwa ndi mwamuna wa amene anawabwereka, nkhani ili kwa amfumu.

Lolemba lotsatira mwambo komiti inakumananso, ndipo msonkhano umenewu musauzengereze, chifukwa mukadikira mwezi malisiti amasowa ndipo manong'onong'o amayamba. Msungichuma anawerenga ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka pamaso pa aphunzitsi, oimira makolo, oimira ophunzira ndi nthumwi ya amfumu, kenako pepalalo tinalimata pakhomo la ofesi. Mipando ya kutchalitchi inabwerera yonse, iwiri itathyoka, akalipentala anaikonza tsiku lomwelo. Mbale zina zobwereka sizinapezeke, tinagula zatsopano. Mkangano umene unatenga nthawi yaitali pa msonkhanowo unali wa zikopa ndi mitu ya mbuzi, poti ophika ankati ndi zawo, anyamata amene anasenda ankatinso ndi zawo, ndipo komiti inali isananenepo kanthu. Tinagamula kuti mitu ipite kwa ophika, zikopa zigulitsidwe, ndalama yake ilipire ngongole ya nkhuni imene inatsala.